Nkhunda za Beka Cooper ndi Malamulo a Bambo Knox

Lachinayi lapitali, pa bwalo lathu la alembi, tinazenga mlandu bukhu lina ndipo tinaligamula kuti ndi lolakwa ola limodzi lisanathe. Ine ndinakweza dzanja kawiri koma nthawi inatha, choncho ndati ndiyankhule pano pomwe wapampando sangandidule mawu. Bukhulo ndi Terrier, lolembedwa ndi mayi wa ku America, Tamora Pierce, ndipo linatuluka m'chaka cha 2006. Pakati pathu lilipo limodzi lokha, lothothoka chikuto, lomwe mnzathu wina anatola pa kaunjika wa mabukhu m'tauni, ndipo lakhala likuyenda chipinda ndi chipinda kuyambira teremu yatha. Mwa oweruza onse amene anakhala pabwalopo, amene analiwerenga mpaka tsamba lomaliza sanakwane theka. Koma aliyense anali ndi chigamulo chake.

Kaamba ka iwo amene sanalimalize, ndiyambe ndafotokoza zomwe zili m'katimo. Nkhani ikuchitika mu mzinda wopeka wa Corus, likulu la dziko lopekanso la Tortall, m'nthawi yamakedzana ya mafumu, malupanga ndi akavalo, pomwe matsenga ndi ntchito ngati ntchito ina iliyonse ndipo ukapolo ndi wololedwa ndi lamulo. Beka Cooper ndi mtsikana wa zaka 16 amene wayamba kuphunzira upolisi. Apolisi a kumeneko amatchedwa Agalu, ndipo ophunzira ngati Beka ndi Tiagalu. Iye amuika m'manja mwa Agalu awiri akuluakulu, Clara Goodwin ndi Matthias Tunstall, kuti aziyendera dera la amphawi la kumunsi kwa mzinda, komwe Beka mwiniwakeyo anabadwira. Milandu ilipo iwiri. Amuna osowa ntchito akulembedwa ganyu yokumba miyala ya mtengo wapatali mobisa, ndipo akamaliza amaphedwa kuti asaulule malowo. Wina wakenso, amene wabwereka dzina la njoka ya m'nthano yoopsezera ana, akuba ana a amphawi ndi kulamula makolo kuti apereke kanthu kamodzi kamtengo kamene ali nako m'nyumba; akalephera, mwana sabwerera. Beka ali ndi mphatso: amamva mawu a mizimu ya akufa yomwe imakwera pa nkhunda za mu mzindamo, ndipo akalowa m'kamvuluvulu wa pa mphambano amamva zidutswa za zomwe anthu anayankhula podutsa pamenepo.

Mphatso imeneyi ndiyo inapalamula. Mnzathu wa chaka chachitatu, amene amatiwerengera ndakatulo zabwino ndithu, anati bukhuli ndi lachinyengo. Anati nkhani yofufuza wakupha ili ngati bawo, ili ndi malamulo ake, ndipo mlembi amene alola wakufa kuyankhula waba njombwa m'bowo la mnzake. Mmodzi wa aphunzitsi athu anamuvomereza natchula dzina la Ronald Knox. Apo chipinda chonse chinagwedeza mitu, monga timachitira nthawi zonse dzina la Mngelezi likatchulidwa.

Tiyeni timudziwe Knox ameneyu tisanamugwadire. Anali wansembe wa Chikatolika ku England, wolembanso nkhani zofufuza milandu, ndipo m'chaka cha 1929 anasindikiza malamulo khumi a kalembedwe ka nkhani zoterezi. Lachiwiri limaletsa mizimu ndi zamatsenga. Ndi zoona. Koma a mphunzitsi sanatiuze kuti lachisanu limaletsa Mtchaina kupezeka m'nkhani. Kodi limenelinso tilisunge? Malamulowa anali a mmodzi wa kagulu ka alembi ocheza ku London, amene m'chaka cha 1930 anakhazikitsa Detection Club, ndipo anawalemba akumwetulira, pofuna kuthana ndi zizolowezi zoipa za anzawo a nthawi imeneyo. Sanatsike nawo m'phiri la Sinai. Atchaina omwe Knox anawatsekera kunjawo anali atalemba kale nkhani zofufuza milandu zaka mazana angapo iye asanabadwe. M'chaka cha 1949, kazembe wa ku Holland, Robert van Gulik, anamasulira m'Chingelezi bukhu la Chitchaina la zaka za m'ma 1700 lonena za woweruza Dee, munthu weniweni amene anakhalako kuyambira 630 mpaka 700. M'bukhu limenelo woweruza amakagona m'kachisi kuti alote, ndipo mzimu umaonekera kumanda. Komabe woweruzayo amayenera kufukula mtembo, kufunsa mboni ndi kupeza mmene munthuyo anafera.

Tisapite kutali. Aphunzitsi omwewa amatiphunzitsa Hamlet chaka ndi chaka. M'sewero limenelo mzimu umatchula dzina la wakupha m'chigawo choyamba chenicheni, ndipo palibe wophunzira amene anakwezapo dzanja kunena kuti Shakespeare waba njombwa. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa: kumva sikudziwa, ndipo Hamlet amathera sewero lonse akuvutika ndi funso loti mawu a mzimuwo awakhulupirire kapena ayi. Nanga bwanji mzimu wa mfumu ya ku Denmark uli zolemba zapamwamba, koma mzimu wa waganyu wokwera pa nkhunda uli chinyengo? Ndikuopa kuti yankho lake si la kalembedwe ayi. Ndi la udindo wa wakufayo.

Amene anawerenga mpaka kumapeto akudziwa kuti nkhunda za Beka sizimaliza mlandu. Akufawo ndi osokonezeka. Amalira, amabwereza mawu omwewo, amafunsa za akazi awo ndi malipiro awo. Ana ophedwa amafuna amayi awo. Sapereka dzina ndi nambala ya nyumba, ndipo nkhunda singaimirire pamaso pa woweruza. Beka amayenera kuyenda wapansi usiku uliwonse ndi ndodo yake, kufunsa opemphetsa ndi ogulitsa pamsika, kulemba pa mapu malo onse amene ana anasowa kufikira chithunzi chitaoneka. M'masiku oyambirira pantchito anagwera m'zonyansa za nsomba, anthu namuseka. Ndi wamanyazi kotero kuti akaitanidwa kupereka umboni kukhoti mawu amamuuma pakhosi. Matsenga sanamuchotsere ngakhale limodzi la mavuto amenewa. Chimene anamupatsa ndi katundu wolemera: iye yekha sangathe kunamizira kuti sanamve.

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo bwalo lathu linadutsapo ngati basi ya ekisipuresi. Funso la bukhuli si lakuti wapha ndani chabe. Funso lake ndi lakuti imfa ya ndani imawerengedwa. Ana a amphawi anakhala akusowa kwa nthawi yaitali popanda wolabadira, pakuti mwana wa m'dera limenelo akasowa anthu amangoti mwina wathawa, mwina makolo amugulitsa. Nkhaniyo inayamba kumveka pamene mwana wophedwa anali wa m'banja la mwini nyumba zalendi wolemera. Aganyu okumba miyala anasankhidwa dala chifukwa anali anthu amene palibe akanawafunafuna. Ndipo wakuba anayo atadziwika, dzina lake sindilitchula kuopa kuonongera amene akudikira bukhuli, sanali mlendo kapena mfiti ya kuphiri, koma munthu wa m'dera lomwelo, wodziwika kwa onse, amene ankadziwa chomwe banja lililonse linabisa pansi pa mphasa. Kodi zimenezi ndi za ana?

Ndafunsa choncho chifukwa chigamulo chachiwiri chinali chimenecho. Mlongo wathu wina anati bukhuli ndi la ana a sekondale a ku America, ife tilibe nalo gawo, ndipo ndi manyazi kuti wophunzira wa pa yunivesite azigona mochedwa kaamba ka mphaka woyankhula. Ndikuvomera kuti linalembedwera achinyamata. Koma taonani zomwe mlembiyu wawakhulupirira nazo achinyamatawo. Agalu a ku Corus amatolera ziphuphu sabata ndi sabata kwa eni malonda, poyera, m'matumba odziwika, ndipo Goodwin ndi Tunstall, amene ndi apolisi abwino koposa m'deralo, amatolera nawo. Beka amadya chakudya cha m'mawa ndi akuba, ndipo popanda akubawo milandu yake sikanatha. Mlembi sakuimitsa nkhani kuti atilalikire. Akusiya mtsikana wa zaka 16 kuti adzifunse yekha mmene munthu angakhalire wolungama m'ntchito yovunda. Ambiri a ife tikamaliza pano tikalowa m'maofesi momwe funso lomwelo likutidikira pa desiki. Tikalipeza lili la ana kumeneko, mudzandiuze.

Chigamulo chachitatu ndicho chokhacho chimene chinandisowetsa tulo, ndipo chinachokera kwa mnzathu wophunzira zamalamulo amene sayankhulayankhula. Iye anati: kwa Amereka mzimu wotchula wakupha ndi masewera, koma kwathu kuno ndi imfa. Anatikumbutsa kuti mwavi unaletsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1911, koma mtima wa mwavi sunafe. Anatikumbutsa za ku Neno m'chaka cha 2016, pomwe okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mphenzi itapha mtsikana. Anati nkhani iliyonse yophunzitsa kuti zosaoneka zimaloza wolakwa ikunola chikwanje chimene chidzagwere agogo a wina.

Mawu amenewa ndi olemera ndipo sindiwapeputsa. Koma ndikuti akuloza bukhu lolakwika. Chimene chimapha agogo si chikhulupiriro choti akufa amayankhula. Ndi changu chothamanga kuchoka pa maloto kukafika pa chikwanje popanda kudutsa pa umboni. Terrier ndi bukhu la mtunda umene uli pakati pa ziwirizi, ndipo masamba ake oposa 500 ndi ulendo woyenda mtunda umenewo phazi ndi phazi. Beka akamva mawu a wakufa saitana khamu la anthu. Amakauza akuluakulu ake, iwo amakayika, ndipo onse amapita kukafuna chinthu chogwirika ndi manja. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana amene wawerenga bukhuli waphunzira kuti ngakhale utamva ndi makutu ako mzimu ukulira, ntchito yako yangoyamba kumene. Mwana amene wawerenga nkhani zotsata Knox zokhazokha waphunzira kuti mizimu kulibe, ndipo akabwerera kumudzi patchuthi napeza mudzi wonse ukunena za maloto a azakhali, alibe chonena koma kuseka, ndipo palibe amene amamvera munthu woseka maliro.

Sindikuti bukhuli lilibe zilema. Lalembedwa ngati zolemba za Beka za tsiku ndi tsiku, ndipo nkovuta kukhulupirira kuti munthu amene wathamangitsa chigawenga usiku wonse angakhale pansi ndi kulemba masamba makumi awiri, mawu a aliyense osaphonya. Mphaka wake, Pounce, amadziwa zambiri kuposa zomwe nkhani ikufuna. Chinenero cha mumsewu chimene mlembi anapeka chimatopetsa poyamba, ndipo ife amene Chingelezi tinachipeza m'kalasi timangotembenukira ku m'ndandanda wa mawu wa kumapeto. Bwalo likanatchula zimenezi ndikanakhala chete. Koma silinafike kumeneko, pakuti kuti uone zilema za bukhu uyenera kuliwerenga.

Chimene chikundiwawa kwenikweni ndi zotsatira za chigamulochi pa zolemba zathu. Taonani nkhani zofufuza milandu zimene zimabwera pa bwalo lino. Wofufuza amavala chipewa ndi jekete lalitali mwezi wa Okutobala, amasuta ndudu, amayankhula ngati anthu a James Hadley Chase. Munthu amafa, koma palibe maliro, palibe adzukulu, palibe malume ofunsa chimene chadya mwana wawo, palibe amene walota kanthu. Tachotsa zonse zimene zimachitikadi munthu akafa mosadziwika bwino kwathu kuno, poopa kuti wina angatitchulire Knox. Chikhalirecho nkhani yakale ya M'bona, yomwe Steve Chimombo anaisandutsa sewero la The Rainmaker losindikizidwa mu 1978, ndi nkhani ya munthu wophedwa amene sanaleke kuyankhula, ndipo kachisi wake ku Khulubvi m'boma la Nsanje ndi umboni wake. Nafenso tili ndi nthawi yathu yamakedzana, ya Kalonga ku Mankhamba, ya Lundu ku chigwa cha Shire, ya osula zitsulo ndi amalonda a minyanga. Ndani mwa ife adzalembe za mtsikana wa nthawi imeneyo amene wamva wakufa akulira, koma akukana kuti munthu amwetsedwe mwavi kufikira atapeza mapazi, mpeni ndi mboni? Mayi wa ku America wationetsa kuti zimatheka ndi nkhunda za mu mzinda wopeka. Ife tili ndi zenizeni, ndipo tikuchita nazo manyazi.

Pempho langa kwa wapampando ndi lakuti mlanduwu uzengedwenso, pakuti mlandu suola, ndipo pa tsikulo aloledwe kuyankhula okhawo amene afika tsamba lomaliza. Bukhuli pakali pano lili kwa ine. Masamba awiri a pakati anathothoka koma ndawamata. Amene akulifuna andipeze ikatha nthawi ya chakudya chamadzulo, ndipo abweze pasanathe masiku anayi, chifukwa pamzere pali kale anthu atatu, ndipo mmodzi mwa iwo ndi mnzathu uja wa bawo.