UMBONIWO ULI KUTI? TIUONE TISANAPONYE VOTI

Abale athu anchito a m'makomboni, pali cida cimodzi cimene atsogoleri oopa kugwa amacisolola masankho akayandikira. Cidaco ndi liu lakuti "zigawenga." Mwazi ukangokhetsedwa, maliro asanaikidwe, apolisi asanathe kufufuza, wailesi ndi manyuzipepala ayamba kale kutiuza amene wacita ndi cimene wacitira. Amati pali umboni. Ife tifunsa: umboniwo uli kuti? Wauona ndani? Nanga bwanji ukuturuka sabata ya voti?

Taonani zimene zinacitika ku Spain. Pa Lacinai, 11 Marichi 2004, m'mamawa 8 koloko isanakwane, mabomba 10 anaphulika m'masitima anai otengera anthu ku nchito mu mzinda wa Madrid. Anafa anthu 191, ndipo opweteka anapitirira 1,800. Sanali mabwana ai. Ambiri anali anchito ndi ana a sukulu, anthu olawira m'banda kuca monga inu ndi ife. Masankho a dziko lonse anali pa Sondo, 14 Marichi. Panatsala masiku atatu okha.

Cipani colamulira, Partido Popular ca Nduna Yaikuru José María Aznar, cinali kudzitama kuti ndico colimba polimbana ndi ETA, gulu la zida limene linali kufuna kupatula dziko la anthu a ku Basque. Koma cipani comweco cinacirikiza nkhondo ya ku Iraq mu 2003 ndi kutumizako asilikari, anthu ambiri a ku Spain akukana. Tsono nkhani inali yapafupi. Akakhala a ETA, mavoti apita ku Boma. Akakhala anthu obwezera za ku Iraq, mavoti athawa.

Boma linasankha ETA. Masana a tsiku lomwelo Nduna ya za m'dziko, Ángel Acebes, inalengeza kuti palibe cokaikitsa. Aznar mwini wake anaimbira lamya akonzi a manyuzipepala akuru-akuru, ndipo El País, nyuzipepala imene siinali bwenzi la Boma, inasintha mutu wa nkhani yake ndi kuchula ETA. Nduna ya za kunja, Ana Palacio, inalamula akazembe kuti azinena zomwezo m'maiko onse kumene ali. Ngakhale bungwe la citetezo la United Nations linalemba dzina la ETA m'cigamulo cake ca nambala 1530 tsiku lomwelo.

Kuganizira ETA poyamba sikunali kupusa. Gululi linapha anthu ambiri m'zaka zam'mbuyo, ndipo mu Disembala 2003 apolisi anagwira anthu ake amene anafuna kuphulitsa sitima yopita ku Madrid. Koma kuganizira ndi kwina, umboni ndi kwina. Umboni umene anaunena ndi wakuti wonga umene unaphulika unali wa mtundu wa Titadyn, umene ETA inazolowera. Anaunena asanaupime.

Nanga apolisi anapeza ciani? Tsiku lomwelo anapeza galimoto ku Alcalá de Henares, kumene masitima aja anadzera. M'kati munali mafataki 7 oyatsira mabomba ndi kaseti ya mavesi a Korani. Usiku wake, pakati pa akatundu a anthu akufa, anapeza cikwama cokhala ndi bomba losaphulika. Wonga wake sunali Titadyn koma Goma-2 ECO, ndipo linali lomangidwa ku foni yam'manja. Pa Lacisanu ETA inakana mlandu. Pa Loweruka, potsata kadi ya m'foni ija, apolisi anagwira anthu asanu, atatu a ku Morocco ndi awiri a ku India. Koma kufikira Loweruka lomwelo Boma linali kunenabe kuti maso ake ali pa ETA, ndipo usiku wotsiriza anthu asanavote, wailesi yakanema ya Boma, TVE, inasintha pulogaramu ndi kuonetsa filimu ya anthu ophedwa ndi ETA. Kodi imeneyo ndi nkhani, kapena ndi msonkhano wa cipani?

Musaganize kuti bodza liri ndi mbali imodzi. Wailesi ya Cadena SER, imene inali kutsutsa Boma, inalengeza usiku wa Lacinai kuti m'sitima munali munthu wodziphulitsa yekha. Madokotala atapima mitembo sanapeze munthu wotero. Nayonso inathamanga ndi nkhani cifukwa inali yokomera mbali yake.

Anthu a ku Spain sanagone. Madzulo a Loweruka anaitanizana pa mafoni, nasonkhana pa likuru la cipani colamulira ku Madrid, kufunsa kuti auzidwe zoona asanavote. Pa Sondo anavota. Cipani ca Socialist ca José Luis Rodríguez Zapatero cinatenga mipando 164, ca Aznar 148. Ndipo mlandu suola. Pa 31 Okutobala 2007 bwalo la milandu linatsutsa anthu 21 mwa 28 oimbidwa mlandu. Linapeza kuti anacita ndi kagulu ka anthu oumirira nkhondo m'dzina la cipembedzo, kuti wonga unabedwa ku mgodi wa ku Asturias, ndi kuti ETA siinalimo. Mlandu unagwa pa amene anacita, osati pa Asilamu onse, pakuti pakati pa akufa panalinso anchito a ku Morocco. Komabe nyuzipepala ya El Mundo ndi wailesi ya COPE zinatha zaka zikukokerabe nkhani kwa ETA, amasiye akumva.

Ife a dziko lino cinyengo cotere siticimva kwa alendo. Pa 12 Marichi 1959, masiku 8 masankho a pa 20 Marichi asanacitike, Bwanamkubwa Sir Arthur Benson analetsa cipani ca Zambia African National Congress, cimene cinali kuuza anthu kuti asavote m'masankho okondera Azungu. Analankhula pa wailesi nafanizira atsogoleri ake ndi Murder Incorporated, gulu la ambanda la ku America. Kenneth Kaunda anapirikitsidwira ku Kabompo. Pamene anamtengera ku bwalo m'caka comweco anamgamula miyezi 9, koma mlandu wake sunali wa kupha munthu. Dzina loopsya lija linali litagwira kale nchito yake pa wailesi. Ku bwalo silinafike.

Ndico cifukwa cake tikuti, abale, mukamva liu lakuti zigawenga masankho ali pafupi, funsani zinthu zinai. Coyamba, wanena ndani? Ngati alemba kuti "akuru ena a Boma" osachula dzina, dziwani kuti palibe amene afuna kudzayankha mawa. Caciwiri, cinthu cogwirika ndi ciani? Galimoto, cikwama, kadi ya foni, zimenezo woweruza angazione. Mau a Nduna ndi mau cabe. Cacitatu, apindule ndani inu mukakhulupirira? Cacinai, kodi nyuzipepalayo idzabweza mau ake pa tsamba loyamba ikapezeka yonama, kapena idzangokhala cete?

Ena adzati wofunsa umboni ndi bwenzi la zigawenga. Limenelo ndi bodza lina. Zigawenga ziripo, zimapha, ndipo zimapha anthu osauka okwera sitima ndi basi. Wolozera cala pa munthu wolakwika ndiye amathandiza wakupha kuthawa. Wofunsa umboni afuna kuti agwidwe mwini mlandu. Akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Bwalo la ku Madrid linatha zaka zitatu ndi theka kuti lifike pa coona. Nduna inatha maora owerengeka cabe.

Voti yanu ndi imodzi, ndipo mukaiponya siibwerera. Nyuzipepala ikanama Lacinai ingapepese mwezi wamawa, koma Boma limene mwasankha ndi mantha mudzakhala nalo zaka zathunthu. Musagulitse voti yanu ndi mutu wa nkhani. Akati pali umboni, yankhani pamodzi m'makomboni monse: TIUONE!