MAU A KAPITAO: Za Ulendo wa ku Chirinda



Mwezi uno tilemba za ulendo umene ena a ife tinayenda ku nkhalango ya Chirinda, pa phiri la Selinda, ndi za mkangano umene ulendowo wabala. Pa msonkhano wapitawu mbale wina anaimirira nafunsa ngati ncanzeru kuti anthu a ndebvu zao akagone m'chire popanda maliro kapena ukwati, nati zotere nza Azungu. Anthu anaseka, ifenso tinaseka. Koma taganizani, abale: kodi ife timakwera liti lole pamodzi? Pokhapo pamene pakati pathu pagona bokosi. Ana athu adziwa nyimbo za ku manda koposa maina a mitengo.

Tinanyamuka anthu 14, Loweruka mamawa, nyengo ya cisanu pamene tiyi saphuka kwambiri ndipo nchito icepa. Kucokera ku Chipinge kufika ku Mount Selinda ndi mamailosi ngati 20, pa mseu wonka ku malire a Mozambique. Lole inatitula pamene mseu wa dothi upatuka kulowa m'nkhalango, ndipo kucokera apo tinayenda pansi kunka ku cigono, akatundu ali pamutu. Njirayo njosabvuta. Sikuli kukwawa ndi manja monga pa Mulanje ai. Munthu angoyenda mumthunzi, kukwera pang'ono, kutsika pang'ono. Tinali ndi amai awiri obereka ana kumbuyo, ndi gogo wathu wa zaka zoposa 80 woyenda ndi ndodo, koma tonse tinafika dzuwa lisanafike pamutu. Amene anabvutika ndi mnyamata mmodzi yekha, wobvala nsapato zatsopano za ku chalichi. Anafika ali nazo m'manja, matuza ali tho.

Dzina la Chirinda nla Cindau, cinenero ca eni dziko lino, ndipo limveka ngati cilindo cathu cija ca m'munda, pokhala wolinda anyani. Tanthauzo lace silisiyana: malo oyang'anirapo. Pafupi pomwepo pali mishoni imene anaiyamba Aamereka mu 1893. M'nkhalangomo muli cikumbutso ca Swynnerton, Mzungu amene anafika kuno mu 1900 nalemba mitengo, mbalame ndi tizirombo ta m'menemo; iye anafa pa ngozi ya ndege ku Tanganyika mu 1938. Nkhalangoyo aisunga a Forestry Commission. Polowa alipiritsa, ndipo kudula mtengo kapena kuchera msampha nkoletsedwa. Ife anthu a nkhwangwa, manja amayabwa, koma tinamvera.

Titadya nsima tinapita kukaona mtengo umene onse auchula Big Tree. Pa njira nchima zinali kulumpha m'mwamba, ndipo tinaona kacere atakulunga mtengo wina mpaka kuupha, monga acitira kwathu. Mitengo njaitali kotero kuti dzuwa lifika pansi madontho-madontho. Ana, amene anali kusokosera njira yonse, anayamba kunong'ona okha osauzidwa.

Tsono titafika, gogo uja anagwetsa ndodo. Iye anabwera kuno ali mnyamata pa malole a Ulere, kucokera ku Mulanje kumene atate wace anali a maceka, ndipo sanabwererenso. Anayang'ana khungwa, nayang'ana masamba, natiuza kuti mtengo wochukawu ndi mbawa cabe, mbawa yomwe ija ya m'mbali mwa mitsinje ya kwathu, yosemera mabwato ndi zitseko. Koma mbawa yotere sanaione cibadwire. Utali wace uli ngati mapazi 200, ndipo amuna 8 ogwirana manja sangauzinge. Anatola cipatso cace couma cong'ambika, naonetsa ana njere zace za mapiko, nawauza kuti khungwalo nlowawa ndipo amai ace anali kuwamwetsa akadwala cimfine. Zaka zonsezi takhala naye m'komboni imodzi, tanyamula naye mabokosi osawerengeka, koma sitinamumvepo akuchula amai ace. Usiku umenewo pa moto anakamba mpaka nkhuni zinatha, ndipo adzukulu ace, amene ayankha m'Cishona tikawalankhula m'Cinyanja, anali kufunsa mafunso m'cinenero ca gogo wao.

Kwa amene afuna kupita caka cino, tinene za katundu. Tengani magombeza awiri munthu mmodzi, pakuti pamwambapo pazizira, ndipo ija mvula yamawawa ya nkhungu, imene kwathu ati ciperoni, kuno ati guti, ibwera osaodira. Macesi mukulunge m'pepala la pulasitiki. Athu ananyowa, tikadagona ndi njala pakadapanda wosuta fodya wina. Ufa, matemba, mcere ndi poto mutenge zanu. Mlembi ayambe wafunsa za malipiro ndi za madzi masiku asanafike, kuti tisakacite manyazi pa cipata.

Tsopano mkangano uja. Ena amene anamva kukoma kwa ulendowu akuti lole ya caka cino ilipidwe ndi ndalama za m'bokosi la Bungwe, popeza miyezi ino Mulungu watisunga, sitinaike munthu. Apa ife tikana, ngakhale ulendowu tiukonda. Ndalama imeneyo si yathu amoyo. Mai wamasiye amene asonkha mwezi ndi mwezi, kudzimana sopo, sasonkhera kuti kapitao akaone nchima. Ndiponso sitinaiwale mphepo ya Idai ya mu March 2019, pamene anthu mazana anafa ku Chimanimani ndi kuno ku Chipinge masiku owerengeka okha. Tsiku lotere likabweranso, msungi cuma adzatsegula bokosi pamaso pa anamfedwa, ndipo sadzawauza za Big Tree.

Cotero ulendo ukhale ndi thumba lace-lace. Wofuna kupita apereke dzina kwa mlembi mwezi uno usanathe, pamodzi ndi gawo lace la lole. Nkhalamba zosowa tidzazisonkhera ife apaulendo, monga tinacitira ndi gogo uja. Koma amene ali ndi ngongole ya zopereka ayambe wakonza imeneyo. Mlembi sadzalemba dzina lace, ngakhale akhale mlamu wa kapitao.