Mseu Ulipo, Nanga Basi Ili Kuti?

Mlendo wocokera ku London akafuna kudzaona njobvu za kwa Nsefu, ulendo wace suli wobvuta. Akwera ndege ku Lusaka, ndipo patapita ora limodzi ndi mphindi zowerengeka atera pa bwalo la Mfuwe, pamene galimoto imdikira kuti imtengere kumsasa. Koma mai wa kwa Nsefu komweko, amene anabadwira m'cigwa ca Luangwa, akafuna kupita ndi mwana wodwala ku cipatala ca Kamoto kapena ku Cipata, ayamba ulendo wace ndi miyendo. Mbandakuca abereka mwana, adutsa m'njira imene njobvu zomwezo zimayendamo, ndipo akafika pa mseu waukuru akhala pansi kudikira galimoto imene palibe munthu adziwa nthawi yace. Kodi zimenezi nzoyenera? Ine nditi iai, ndipo ndifuna kuti inu anyamata ndi atsikana amene mwatsiriza sukulu muganizire nane mlandu uwu.

Tiyambe ndi mbiri. M'caka ca 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu Yaikuru Nsefu kuti mbali ina ya dziko la Akunda ipatulidwe kukhala malo osungira nyama, kuti alendo azibwera kudzaziona ndi kulipira ndalama. Mu 1972 malo amenewa analowa m'nkhalango yaikuru ya South Luangwa National Park. Cotero anthu a kwa Nsefu ndiwo anayamba kupereka dziko lao, ndipo mpaka lero ndiwo amene minda yao imadyedwa ndi njobvu. Wopereka zotere ayenera kukhala woyamba kuona phindu. Koma tikayang'ana za maulendo, tipeza kuti zonse zinakonzedwa moyang'ana munthu amene ali ndi galimoto yaceyace, ndipo m'midzi yathu anthu otere tingawawerenge ndi zala.

Akuru akumbuka kuti kale dziko linali ndi mabasi ace. Kunali kampani ya Central African Road Services, imene Boma linatengako gawo lalikuru mu 1968, ndipo pambuyo pace inachedwa United Bus Company of Zambia. Mabasi ace sanali angwiro. Anali kucedwa, anali kufa panjira, ndipo kampaniyo inali kutaya ndalama. Zimenezi sindikana. Koma inali ndi lamulo limodzi labwino: basi inali kupita kumene kuli anthu, ngakhale kumene kulibe phindu lalikuru. Mu 1995 kampaniyo inatsekedwa, ndipo nchito yonse yonyamula anthu inasiyidwa m'manja mwa amalonda.

Wamalonda sindimtsutsa. Iye anagula basi ndi ndalama zace, ndipo ayenera kugula mafuta ndi matayala. Kuyambira mu December 2021, pamene Boma linaleka kucepetsa mtengo wa mafuta ndi ndalama zace, katundu wace analemera koposa. Nanga acitenji? Atsata mseu wa phula wocokera ku Cipata kufika ku Mfuwe, wa makilomita oposa 100, ndipo sanyamuka mpaka mipando yonse itadzala. Sangapatukire kumidzi kumene matope angamthyolere galimoto cifukwa ca anthu asanu. Munthu wa kumudzi atsala ndi njinga yamoto, imene mtengo wace uli wowawa, kapena kumbuyo kwa lole, pamwamba pa matumba, mvula ndi fumbi zili pamutu. Mvula ikagwa, kuyambira mu December mpaka mu April, dothi lakuda la m'cigwa limata ngati ulimbo, mitsinje monga Msandile idzala, ndipo midzi ina ikhala ngati zisumbu. Misasa yambiri ya alendo imatsekedwa nthawi imeneyo, pakuti mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma mwini mudzi satseka mudzi wace. Amai abereka ana mu February monga mu July, ndipo malungo acuruka nthawi yomweyo imene njira yafa.

Ena adzati, "Basi ya kumidzi siipindula, nanga Boma litayirenji ndalama?" Ndiwafunse: kodi sukulu imene munaphunziramo inapindula ndalama zingati? Kodi cipatala cipindula? Timanga zimenezi cifukwa popanda izo anthu sangakhale bwino. Tsono cipatala cimene wodwala sangafikeko cithandiza yani? Mlimi wa thonje kapena mpunga amene sangafike kumsika agulitsa kwa aliyense wofika pakhomo pace, pa mtengo umene wogulayo anena. Mnyamata woitanidwa kukayesedwa nchito ku Cipata alephera cifukwa ca ndalama ya ulendo. Kutaya kumeneku sikulembedwa m'buku la kampani iriyonse, koma ndife amene tikulipira.

Enanso adzati, "Dikirani, mukalemera mudzagula magalimoto anu." Awa apite ku Lusaka akaone mmene magalimoto amaimira pamzere m'mawa ndi madzulo, lirilonse litanyamula munthu mmodzi kapena awiri. Dziko limene munthu aliyense ayenera kukhala ndi galimoto kuti afike kucipatala laiwala nkhalamba, ana a sukulu, opunduka ndi osauka, ndiye kuti laiwala unyinji wa anthu ace.

Cofunika nciani tsono? Coyamba, miseu ya kumidzi ithiridwe miyala ndi kumangidwa milatho, kuti ipitike caka conse. Caciwiri, Khonsolo ya Mambwe ipangane ndi mwini basi kuti aziyenda masiku odziwika ndi nthawi yodziwika, pa mtengo wolembedwa poyera, ndipo pamene ndalama za okwera zaperewera, Khonsolo iwonjezepo. Ndalama zoyambira zingapezeke. Mu 2022 thumba la citukuko la dera la phungu aliyense linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo dera lathu la Malambo lili ndi gawo lace. Palinso ndalama zocokera ku nyama zimene zimabwera kudzera m'mabungwe a anthu a m'midzi. Ngati nyama zibweretsa ndege, zilephera bwanji kubweretsa basi?

Inu amene mudziwa kulemba ndi kuwerenga, nchito iyi ndi yanu. Tengani kope, muyende m'midzi yanu, mulembe anthu amene ayenda sabata iriyonse, kumene apita, ndi ndalama zimene alipira. Mutengere ciwerengero cimeneci kwa nyakwawa, kwa mfumu ndi kwa khansala, ndipo pa msonkhano wosankha nchito za citukuko muimirire ndi kulankhula mwaulemu koma mosaopa. Musapite mmodzimmodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Akakukanizani caka cino, mubwerenso caka camawa ndi kope lomwelo.