Udzu wa ku Cape Maclear usatinamize

A Mkonzi,

Ndikuyankha bambo amene analemba kuti masitolo a njerwa za simenti ndi malata akunyansitsa malo athu, ati tizifolera udzu ngati malo ogona alendo a ku Cape Maclear. Bambo, udzu wa m'mudzi wa Chembe umalipiridwa ndi alendo odzaona Lake Malawi National Park. Kuno kwa Jenala ndani amabwera kudzajambula denga?

Kodi munali kuti mu Malichi 2023 namondwe Freddy atasakaza Phalombe? Nyumba za zidina zinasungunuka ngati mchere. Munthu amene anagona m'kalasi ndi ana ake, mvula ili pakhomo, mungamuuze bwanji kuti simenti si chikhalidwe chathu? Ndiye njerwa zootcha, mitengo yake ichokere kuti? Ngakhale boma linaziletsa pa zomanga zake mu 2018.

Zoti tikanganirane zilipo. Ena akumanga m'madambo, ena pampita wa madzi, opanda ngalande ngakhale chimbudzi. Khonsolo ndi mafumu ogawa malo aonepo pamenepo. Koma za denga, tisiyeni.

Wowerenga wanu,
Jenala, Phalombe