Mukati "dziko lonse", kodi ife a mu komboni mumatiwelengela?

Pa Chiwelu chapitachi malaiti anapita ndili pampando mu babashopu ina ku Chawama, mutu wometedwa mbali imodzi chabe. Kuchoka sikunali kotheka, pokhapokha ndikanafuna kuti msewu wonse undiseke. Ndiye tinakhala, anthu asanu ndi mmodzi, kuyembekezela. Mudziwa zimene zimachitika anthu akakhala opanda chochita: mkangano umabadwa wokha.

Unayambila pa zithunzi za pakhoma. Wometa wathu anamata Cristiano Ronaldo, Tupac, Bob Marley, ndi chithunzi chakale cha Muhammad Ali chimene dzuwa linachifufutsa kale. Mnyamata wina wa ku koleji anafunsa kuti pa anthu onse otchuka padziko, wamkulu kupambana onse ndani. Sanayembekeze yankho. Ananyamula foni n'kutionetsa: Ronaldo, omutsatila pa Instagram opitilila 600 miliyoni, palibe munthu wina amene afikapo. Mtsikana amene anabweletsa mlongo wake kudzameta anati iyayi, ndi Beyoncé, ali ndi mphoto za Grammy 35, kuposa woimba aliyense. Mudala wina amene anali chete pakona anangoti, "Michael Jackson. Nkhani yasila."

Ine sindinakambe zambili tsiku lija, chifukwa munthu wa mutu watheka samvedwa. Koma nkhaniyo ndapita nayo kunyumba, ndipo manje ndifuna kuikamba bwino.

Vuto langa ndi manambala. Sindikuti ndi abodza. Ndikuti amawelenga anthu ena n'kusiya ena. Instagram imawelenga amene ali ndi foni yabwino ndi ndalama ya bandulo. Grammy imapelekedwa ndi bungwe la oimba la ku America. Ndalama za matikiti zimawelenga maiko amene woimba anasankha kupitako. Tengani Taylor Swift. Ulendo wake wa Eras, mu 2023 ndi 2024, unali ndi makonsati 149 ndipo unapanga ndalama zopitilila madola 2 biliyoni. Palibe woimba anachitapo zotelo. Koma pa makonsati onsewo, mu Africa munalibe olo imodzi. Sindimuimba mlandu, malonda amapita kumene kuli ndalama. Koma munthu akandiuza kuti ameneyu ndiye wagwila dziko lonse, ndimafunsa kuti dziko lake liti, limene mulibe anthu a mu Africa opitilila 1.4 biliyoni? Elvis Presley amamuti mfumu ya nyimbo za rock, koma moyo wake wonse sanaimbepo konsati kunja kwa America ndi Canada. Pitani pa City Market mufunse anthu khumi za Elvis, muone kuti akuyankhani angati.

Ndiye ine ndili ndi miyeso yanga itatu, ndipo yonse ndinaiphunzila mu komboni.

Woyamba ndi uwu: kodi dzina lake linasanduka dzina la anthu ena? Kamwana kakavina bwino paukwati, anthu amakuwa kuti "Michael Jackson!" Kakapyola anzake ndi chimpombwa pa gilaundi ya fumbi, ndi Messi. Masiku a atate athu anali Pele. Mnyamata wokonda kuponya mateche m'mwamba anali Bruce Lee. Galu woopsa pa yadi amamutcha Tyson kapena Rambo. Munthu wa tsitsi lopotana, olo atakhala kuti sanamvelepo reggae, ana amamuitana Bob Marley. Dzina likafika pamenepo ndiye kuti lachoka m'manja mwa mwini wake. Palibe kampani ingagule zimenezo.

Wachiwili: kodi anafika kumene kunalibe womubweletsa? Kale kulibe YouTube, mafilimu tinali kuwaonela m'tunyumba twa vidiyo, pa mabenchi, wina atatseka windo ndi bulangeti. Bruce Lee anamwalila mu 1973 ali ndi zaka 32 chabe, koma zaka makumi awili pambuyo pake ana a mu Matero anali kumutengela kaponyedwe ka mwendo. Makaseti a Lucky Dube ndi a Marley anali kukopedwa kuchokela pa kaseti ina, mpaka mawu kumveka ngati woimba ali m'madzi, koma anthu anali kumvelabe. Amenewa sanabwele ndi zikwangwani zamalonda. Anthu osauka anawanyamula okha, dzanja ndi dzanja.

Wachitatu ndiye wovuta: kodi ambuya ndi mdzukulu wao onse amudziwa? Kutchuka kwa zaka zisanu n'kosavuta. Kukhalabe pakamwa pa anthu amene anabadwa iwe utamwalila kale, imeneyo ndiye nchito.

Mukayesa ndi miyeso iyi, mndandanda umasintha. Mumapeza maina amene magazini a kunja saika pamwamba. Shah Rukh Khan wa ku India adziwika m'nyumba zambili za mu Africa ndi ku Middle East kumene woimba watsopano wa ku America samveka n'komwe. Jackie Chan naye chimodzimodzi. Don Williams ndi Dolly Parton, oimba a country, amalila m'mabasi a ku Chipata ndi m'mabala a mu Kitwe mpaka lelo, ndipo amalume anu angakuimbileni nyimbo zao kuyambila poyamba mpaka pothela. James Brown anabwela kuno ku Zambia mu 1970, ndipo oimba athu a nthawi ija anatengako kavinidwe ndi kaimbidwe kake.

Nanga Ronaldo ndi Messi? Miyeso iwili yoyamba anapambana kale. Jezi ya nambala 7 ndi ya nambala 10 muzipeza pa salaula paliponse, ndipo mwana wa kumudzi kumene kulibe malaiti adziwa kulumpha ngati Ronaldo akamwetsa chigoli. Muyeso wachitatu ukali kutsogolo. Pele anatenga World Cup katatu, mu 1958, 1962 ndi 1970, koma mwana wa zaka 15 lelo adziwa dzina chabe, kasewelo kake sanakaone. Bola ili ndi vuto limenelo: chigoli chimakoma tsiku lake, pamene nyimbo imakoma nthawi iliyonse imene mwaiika. Ndiye chifukwa chake ndiona kuti woimba amakhalitsa kuposa wosewela.

Amene atsala pamwamba kwa ine ndi atatu: Michael Jackson, Muhammad Ali ndi Bob Marley.

Mudala uja sananame. Pa nkhani yofika patali, Michael Jackson alibe mnzake. Thriller inatuluka mu 1982 ndipo mpaka lelo ndiyo alubamu imene inagulidwa kwambili padziko. Kuvina kwake sikufuna womasulila. Mwana amene sadziwa liwu limodzi la Chizungu amayesa kuseleleka chafutambuyo pa simenti atavala masokosi. Koma tisabise: dzina lake lili ndi mthunzi. Anaimbidwa milandu yogwilila ana. Khoti inamupeza wosalakwa mu 2005, koma atamwalila mu 2009 ena anatulukabe n'kumuneneza, ndipo anthu akali ogawikana. Izi zitikumbutsa kuti kutchuka ndi ubwino wa munthu ndi zinthu ziwili zosiyana. Tingavomele kuti munthu anagwedeza dziko popanda kumuika pa guwa.

Ali anali ndi chinthu chimene ambili mwa otchuka a lelo amaopa: analola kutaya. Mu 1967 anakana kulowa usilikali wokamenya nkhondo ku Vietnam. Anamulanda lamba wake, ndipo anakhala zaka zopitilila zitatu osamenya nkhonya, pa nthawi imene thupi lake linali pachimake. Pa 30 October 1974 anagwetsa George Foreman ku Kinshasa, kwa aneba athu, anthu a mu Africa ali kumbali kwake. Ndani lelo angaike pangozi mapangano ake amalonda chifukwa cha zimene akhulupilila? Koma nkhonya, monga bola, zimakalamba. Ali timamulemekeza kwambili, koma sitikhala naye tsiku ndi tsiku.

Marley tikhala naye. Ali pa galasi lakumbuyo la minibasi, pa sikipa ya wogulitsa matomato, pa khoma la babashopu. Ndiye amene ine ndimuika pamwamba, ndipo zifukwa zanga ndi izi.

Choyamba, anachokela kumene sikuyenela kuchokela munthu wogwedeza dziko. Jamaica ndi kachilumba ka anthu osafika 3 miliyoni, ochepa kuposa a m'chigawo cha Lusaka. Anakulila ku Trenchtown, komboni ya mu Kingston, ya nyumba zothithikana ndi achinyamata osowa nchito. Michael Jackson ndi Beyoncé anali ndi mphamvu zonse za America kumbuyo kwao: mawailesi, mafilimu, ndalama. N'zoona kuti naye Marley anathandizidwa ndi kampani ya Island Records ya ku London, sanafike yekha. Koma sanasinthe kakambidwe kake ka ku Jamaica kuti amveke ngati wa ku America, ndipo sanaleke kuimba za njala, za apolisi ndi za ufulu.

Chachiwili, anatiwelengela. Mu April 1980, Zimbabwe italandila ufulu, Marley anabwela kudzaimba pa Rufaro Stadium, ndipo ndalama zonyamulila zida zoimbila analipila yekha. Nyimbo yake yochedwa Zimbabwe inali itatuluka kale mu 1979, nkhondo ikali mkati. Ife a ku Zambia nkhondo imeneyo tiidziwa, chifukwa omenyela ufulu ambili anali kukhala kuno ndipo mabomba ena anagwela pa nthaka yathu. Woimba wa kutsidya la nyanja anaona kuti nkhani ya chigawo chino ndi yake, pamene panalibe phindu lililonse la ndalama.

Chachitatu, nthawi yamuyesa kale. Anamwalila pa 11 May 1981 ali ndi zaka 36. Sanaonepo intaneti, sanalembepo kalikonse pa Facebook. Papita zaka zopitilila 40, koma kondakita amene anabadwa mu 2003 ali ndi nkhope yake pa chipewa.

Ndidziwa zimene muzakamba. Muzati ambili ovala nkhope ya Marley sadziwa zimene anali kuimba, amangomudziwila chamba ndi tsitsi. Pali choonadi pamenepo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti munthu amene anali kudzudzula dyela wasanduka katundu wa pamsika. Koma zimenezo zimagwela aliyense amene wakula kwambili. Ndipo nyimbo zikalipo. Amene wagula sikipa lelo, mawa angamvele mawu ake n'kudabwa kuti akukamba za komboni yake.

Chinanso ndivomela ndekha musanandigwile: atatu anga onse ndi amuna. Khoma la babashopu ndi khoma la amuna. Sembe malaiti anandipitila mu saluni, sembe ndinamva maina ena: Celine Dion amene salephela kulila paukwati, Whitney Houston amene mtsikana aliyense wa kwaya anayesapo kufika pa mawu ake, Miriam Makeba amene anaimilila ku United Nations mu 1963 kudzudzula tsankho la ku South Africa. Mtsikana uja wa Beyoncé angapambane mkanganowu zaka 30 zikubwelazi. Miyeso yanga siimukana, ikuti chabe tiyembekeze.

Mwina muzafunsa kuti nkhani ya anthu olemela a kutali itikhudza chani. Itikhudza chifukwa muyeso umene tiyesela ena ndi umene timadziyesela tokha. Ndidziwa anyamata ndi atsikana aluso amene amajambula nyimbo m'tuzipinda twa mu Kanyama ndi Mtendere. Ambili amagona ndi chisoni chifukwa nambala ya pa YouTube siikwela, ndipo ena amayamba kuimba ngati a ku Atlanta kapena a ku Lagos poganiza kuti ndiyo njila yofikila dziko. Koma onani gulu la WITCH. Anali kuimba Zamrock m'ma 1970, ndipo mtsogoleli wao Emmanuel Chanda anatengela dzina lakuti Jagari kwa Mick Jagger. Nyimbo zao zinaiwalika kwa zaka zambili, kenako anthu a kunja anazipeza, ndipo lelo mudala ameneyu amaimba ku Ulaya ndi ku America. Chimene anthu akunja anakonda si mbali imene inafanana ndi Jagger, koma imene sinafanane ndi wina aliyense. Sampa the Great naye, nyimbo yake Never Forget, yolemekeza Zamrock, inamveka pa kanema wolengeza filimu ya Black Panther: Wakanda Forever mu 2022. Dziko silisowa Drake wachiwili. Lili naye kale woyamba.

Malaiti anabwela cha m'ma 16 koloko. Makina analila, mbali yotsala ya mutu wanga inametedwa, ndipo mnyamata wa ku koleji anali akali pa Ronaldo wake. Potuluka ndinamuuza kuti tikumane mu babashopu yomweyi pakapita zaka 40, tidzaone zithunzi zimene zidzatsala pakhoma. Anaseka n'kuti panthawiyo ine ndidzakhala ndilibe tsitsi lometa. Wometa sanakambe kanthu. Anatenga selotepu n'kumata bwino kona ya chithunzi cha Marley imene inali itayamba kumatuka.