Phiri la Mulanje Si Mgodi

Alipo anthu ena amene maso awo ali pa miyala ya bauxite yomwe ili pamwamba pa Phiri la Mulanje, ku Lichenya ndi ku Linje. Iwo amati kukumba miyalayi ndicho chitukuko, ndipo aliyense wokana ndi mdani wa chuma cha dziko. Maganizo amenewa ndi osokeretsa, ndipo ayenera kukanidwa poyera.

Bauxite sakumbidwa m'mauna ayi. Wokumba amayamba wagwetsa mitengo, nasenda dothi lonse la pamwamba, lomwe limasunga madzi a mvula ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Tsono mitsinje ya Ruo, Likhubula, Lichenya ndi Thuchila imachokera m'phiri lomweli. Minda ya tiyi, midzi ya ku Mulanje ndi ku Phalombe, ngakhalenso mzinda wa Blantyre umene umatapa madzi ku Likhubula, zonsezi zimamwa m'chitsime chimodzi. Kodi mwini mgodi adzabweza mtsinje ukaphwa? Madzi akatayika saoleka.

Nkhalangoyi idakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa m'chaka cha 1927. Bungwe la UNESCO lidailemekeza mu 2000, ndipo mu 2025 lidaika phirili m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. M'menemo muli mkungudza, mtengo wa fuko lino, umene mwachilengedwe umamera ku Mulanje kokha. Muli anadzikambe osapezeka kwina kulikonse, moti akatswiri a sayansi adatcha mtundu wawo Nadzikambia, potengera dzina la Chichewa. Alendo adziwa mtengo wake wa cholowa chimenechi. Nanga eni ake alekerenji?

Mkungudza watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka a anthu akuba, ndipo nkhalango zowirira za m'mphepete mwa phiri zikudyedwa ndi moto ndi makala. Izi sizichitika popanda wina wotsinzina. Wogwira ntchito m'Boma amene alandira chiphuphu pa chipata, kapena kusainira chilolezo mumdima, ndi wakuba kuposa wonyamula thabwa pamutu, pakuti iye adalumbira kutumikira anthu.

Amene aiwala akumbutsidwe. Napolo wa mu 1991 adasesa midzi ku Phalombe. Namondwe wa Freddy mu March 2023 adapha anthu mazanamazana, ndipo matope ochokera m'phiri la Soche, lomwe lidametedwa mitengo, adakwirira nyumba ku Chilobwe. Phiri lovulidwa silisunga madzi ndipo silisunga dothi. Zonse limakhuthulira pa anthu okhala m'munsi mwake.

Mawu akuti chuma chili m'nthaka ankanena za khasu la mlimi amene amakolola chaka ndi chaka. Mgodi umakololedwa kamodzi kokha, kenaka mwini wake amalongedza katundu, nasiya maenje. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Choncho akuluakulu a migodi asapereke chilolezo chokumba m'nkhalango yotetezedwa. A Dipatimenti ya Zankhalango apatsidwe alonda ndi zipangizo zokwanira, makhoti apereke zilango zowawa, ndipo mafumu ndi atsogoleri a m'madera atsogolere ntchito yobzala mkungudza. Udindo umenewu ndi wa aliyense amene amalandira malipiro kuchokera ku msonkho wa Amalawi.