Mwana akatupa ndi nshawa, osamuyesa pa nyumba

Mwezi wa May ndinali kwa amalume ku Chiparamba, nthawi yokumba nshawa. Kamwana ka msuweni wanga, ka zaka zitatu, kanadya chibwabwa chotendera masana. Pasanathe theka la ola milomo yatupa, thupi lonse tizidzolo toyabwa, kakungolira. Ambuya ati: "Muzimupatsako pang'ono pang'ono, azazolowera. Mwana wa kum'mawa angakane nshawa?"

Manje chovuta n'chakuti ambuya sanaphonye kwenikweni. Madokotala a ku America ndi ku Ulaya amachitadi zimenezo, ndipo amazitcha oral immunotherapy. Mu January 2020 bungwe la FDA ku America linavomereza Palforzia, ufa wa nshawa woyezedwa bwino, kwa ana a zaka 4 mpaka 17.

Thupi la mwana wa allergy limaona nshawa ngati mdani. Limapanga asilikali otchedwa IgE, amene amakhala pa maselo ena ali tcheru. Nshawa ikangolowa, maselowo amatulutsa histamine, ndiye kutupa ndi kuyabwa kuja. Mwana akamapatsidwa kaufa kochepetsetsa tsiku ndi tsiku, IgE imayamba yakwera kaye, kenako n'kumatsika patapita miyezi. Nthawi yomweyo thupi limachulukitsa asilikali ena, IgG4, amene amagwira nshawa isanafike kwa IgE. Zili ngati kondakitala wogwira chidakwa pa khomo chisanalowe mu basi.

Koma onani muyezo wake. Amayamba ndi theka la miligiramu, kanthu koti simungakaone pa supuni, n'kukwera kwa miyezi pafupifupi 6 mpaka mamiligiramu 300 pa tsiku, ngati njere imodzi chabe. Kukweza kulikonse kumachitikira ku chipatala, jekeseni ya adrenaline ili pafupi. Pa kafukufuku wa PALISADE wa 2018, ana awiri mwa atatu alionse anafika popirira njere ngati ziwiri. Ziwiri chabe, olo mbale ya visashi sitinafikeko! Cholinga n'chakuti akadya mwangozi asafe. Ndipo ambiri akaleka kumwa, chitetezo chija chimabwerera m'mbuyo.

Supuni ya nsinjiro ya ambuya ili ndi njere zingati? Palibe anawerenga. Lero mwana atupa milomo chabe, mailo mmero ungatsekeke. Mukaona akupuma movutika, mawu asasa, akusanza kapena kufooka, thamangani ku kiliniki, osayamba kufuna Piriton pa kantemba. Piriton imachepetsa kuyabwa, koma siitsegula mmero. Chofunika pamenepo ndi adrenaline, ndipo kuchoka ku mudzi kufika ku Chipata Central Hospital ndi mtunda, maka usiku.

Kwa makanda amene sanatupepo nkhani ndi ina. Kafukufuku wa LEAP ku London mu 2015 anapeza kuti kuyamba kudya nshawa asanakwanitse chaka kunachepetsa allergy ndi pafupifupi 80 peresenti. Ndiye phala la nsinjiro kapena la chiponde lija azimayi athu amapatsa mwana wa miyezi 6, pitirizani. Njere zathunthu ayi, zimatsamwitsa.

Ku Chiparamba tinakangana maningi, koma pano ambuya amaphika mapoto awiri, kena ka mafuta ndi tomato, ndi mthiko wake wake. Amadandaula kuti saladi yadula.